Bwana, Miyala Yathu Idakali Pamsewu Kukudikirani

Kwa Olemekezeka
Bwana Wamkulu Woyang'anira Madzi Akumwa,
Ku ofesi ya pamwamba ija, ya mawindo osatseguka.

Bwana,

Ndasamba m'manja ndisanagwire pepalali, poopa kudetsa kalata yopita kwa munthu wonga inu. Mukaona timadontho tofiirira m'mphepetemu musandiyese wauve. Ndi madzi amene ndinasambawo.

Ine ndine telala. Dzina langa silingakuthandizeni kanthu, pakuti kuno ngakhale akazi anga amangonditchula kuti a Telala, makamaka ndikalakwa. Makina anga ali pakhonde la sitolo yogulitsa misomali ndi malata, moyang'anizana ndi mjigo wa dera lathu, moti palibe ndowa imene imabwera kapena kuchoka osandidutsa pamaso. Za madzi sindinaphunzire. Ndimangowamwa basi, ndipo ndikudziwa kuti kumwa chinthu sikupatsa munthu ufulu wochinenera. Ndinafika ku ofesi kwanu kuti ndikuthokozeni pamaso, koma mlonda wa pageti anandiuza mwaulemu kuti muli pamsonkhano wokambirana za moyo wa anthu ngati ine. Ndinaona kuti si ulemu kusokoneza anthu amene akukukambirana, ndiye ndinabwerera. N'chifukwa chake ndalemba poyera, kuti mwina wina wa m'nyumba mwanu akuwerengereni mukupuma.

Ndinene msanga chimene chandigwiritsa cholembera m'malo mwa sizasi, popeza wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pakhomo pathu tili ndi mdzukulu, mtsikana wa zaka zinayi. Ndimamutchula Kabatani, chifukwa ndi wamng'ono, nkhope yozungulira, ndipo ukamufuna umakamupeza pansi pa tebulo. Mayi ake, amene ndi mwana wanga woyamba, amagwira ntchito pafakitale ina kutali, komwe amagona m'kachipinda ka lendi pamodzi ndi mnzake. Anatisiyira mwanayu akuyamba kumene kuyenda. Kuyambira pamenepo ndiye amanditolera mapini akagwa, ndiye amandiuza kuti diresi ili ndi lonyansa mwiniwake ali pomwepo, ndiye amagona pamulu wa zigamba dzuwa likatentha. Madzi a pamjigo anamudwalitsa kawiri. Ulendo wachiwiri anagonekedwa kuchipatala, madzi a m'botolo akulowera pakamkono kake, ine nditaima pakhomo pa wodi ngati wopalamula. Mayi ake atafika anandiuza mawu amene sanandichoke m'khutu: "Ababa, kachitatu ayi. Akangotsekulanso m'mimba ndi madzi anuwa ndimutenga. Kaya azikatsekeredwa m'chipinda ine ndili kuntchito, koma ndimutenga." Ankanena zoona, ndipo ine ndinachita mantha.

Tsopano ndiyambe kuthokoza, mwa ndondomeko monga amachitira anthu ophunzira.

Choyamba, zikomo chifukwa cha thanki ija. Mwina simukukumbukira mmene madzi athu analili, poti madera amene mumawaganizira ndi ambiri. Mjigo wathu si wozama, ndipo zimbudzi za m'dera lino sizinaukhalire patali. Madzi ake ankatuluka ofiirira, akununkha dzimbiri, moti mlendo ukamupatsa kapu ankayang'anayang'ana komwe kuli shuga. Malaya oyera amene ndinkasokera ana a sukulu ankakhala oyera kuchokera pamakina anga kufikira tsiku loyamba kuchapidwa, kenako makolo ankabwera kudzandinena kuti ndimagula nsalu yachabechabe. Ndiye anyamata anu anabwera n'kumanga thanki ya simenti pambali pa mjigo, yazipinda zitatu, n'kulumikiza mapaipi kuti madzi akatuluka pansi azidutsa m'menemo asanafike pampopi. Lole inabweretsa miyala kuchokera kumapiri akutali, poti kuno kwathu n'kudambo, dothi lamakande lokhalokha. Mwana wa kuno akafuna kugenda galu amatola chibuma.

Woyang'anira ntchitoyo anali mayi wina wachitsikana wa ku ofesi kwanu, wosavula majombo, moti tinamutcha Mayi Majombo ndipo ankavomera. Chipinda choyamba anadzazamo miyala ikuluikulu yakuda, yamabowomabowo, yopepuka modabwitsa. Chachiwiri anaikamo nsangalabwi zing'onozing'ono, chachitatu mchenga. Atatiitana kuti atifotokozere, ife tinaseka. A Wometa, amene ndi wapampando wa komiti yathu ya madzi, ananena kuti iwo chibadwire amadziwa kuti madzi ndi amene amatsuka mwala, za mwala kutsuka madzi akuzimva kumene. Mayiyo sanakwiye. Anati miyalayo imagwira dzimbiri m'timabowo take, ndipo pakapita masabata imamera kakhungu koterera ngati ndere, ndipo kakhungu kameneko pamodzi ndi mchenga ndi kamene kamagwira tizilombo todwalitsa ana. Anatilangiza chinthu chimodzi, n'kuchibwereza mpaka tinatopa nacho: "Miyalayi musaitsuke ndi sopo, musaitulutse, musachite nayo manyazi. Ikamaoneka yonyansa ndiye kuti ili pantchito." Akazi anga anandinong'oneza kuti lamulo limeneli likanamagwira ndi kwa amuna omwe, bwenzi ine ndili munthu wolimbikira kwambiri m'dera lonse.

Tinadikira, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Masiku oyamba sipanasinthe kanthu, ndipo a Wometa ankameta anthu akuseka. Kenako kufiira kuja kunayamba kuzilala pang'onopang'ono. M'mawa wina akazi anga anakuwa pampopi, ine n'kudumpha pamakina poyesa kuti aona njoka. Anali akuona pansi pa ndowa yawo madzi ali odzaza mpaka pakamwa. Anthu anaunjikana kudzasuzumira ngati mwagwera ndalama. Kuchokera pamenepo malaya oyera anakhalabe oyera, makolo anasiya kundinena, ndipo Kabatani anayamba kulemera moti ndinkachita kufutukula mipendero ya madiresi ake. Mayi ake atabwera patchuthi anatunga madzi m'tambula, n'kuwayang'anitsitsa pawindo nthawi yaitali, n'kumwa. Tsiku lobwerera anakwera basi yekha. Ine tsiku limenelo ndinaikira mayi wina zipi kwaulere, mpaka anandifunsa ngati ndili bwino. Apa pokha ndikulemba mosaseka, Bwana: miyala ija inandisiyira mdzukulu pakhomo.

Chachiwiri, zikomo chifukwa chovomera kudzatsegulira thankiyo. Ife mu umbuli wathu tinali titamwa madzi ake miyezi yambiri osadziwa kuti ndi yosatsegulira, ndipo pa ichi tikupepesa. Uthenga woti mukubwera unafika pamodzi ndi mkulu wokonza maulendo anu, bambo wa tayi ndi nsapato zoti ungamete ndevu ukudziyang'anirapo. Ife tinawatcha a Kalambulabwalo. Mayi Majombo panthawiyo kunalibe. Ofesi yanu inali itawatumiza kumsonkhano kwinakwake kukaphunzitsa anthu ena kasamalidwe ka miyala.

A Kalambulabwalo anayendera malo onse atakweza miyendo ya thalauza, ndipo anapeza milandu iwiri. Woyamba anaupeza atavundukula thanki. Ataona miyala ija itaderatu, yoterera, ina itamera ndevu zobiriwira, anabwerera m'mbuyo atagwira kampango pamphuno. "Bwana Wamkulu adzaone uve umenewu? Mukufuna anthufe tichotsedwe ntchito?" A Wometa anayesa kufotokoza zimene Mayi Majombo anatilangiza, koma anafunsidwa kuti pakati pa munthu wa majombo ndi munthu wa tayi wamkulu ndani. A Wometa ndi munthu wozolowera kugwira mitu ya anthu mosamala, ndiye anavomera kuti wamkulu ndi wa tayi.

Mlandu wachiwiri unali msewu. Inu mukudziwa, Bwana, kuti munthu wa msinkhu wanu sayenda mumsewu wopanda miyala yopaka njereza m'mbali mwake. Dalaivala angasokere, komanso anthu angayese kuti wabwera ndi mlendo wamba. Msewu wathu unali mbulanda kuyambira pamphambano ya okonza njinga mpaka pamjigo. A Kalambulabwalo anafunsa komwe tingapeze miyala, ife tinati kuno miyala kulibe. Anayang'ana msewu, anayang'ana thanki, anayang'ananso msewu, nkhope yawo n'kuwala. Ndakhala ndikuona zinthu zambiri kuchokera pakhonde langa, koma aka kanali koyamba kuona nzeru ikubadwa masana, anthu tikuyang'ana.

Ntchito inagwirika mwachangu chimene sindinachionepo m'dera lino. Amuna anapanga mzere n'kumapatsirana miyala kuchokera m'thanki. Amayi anapatsidwa maburashi awaya ndi sopo waufa, n'kukwecha kakhungu kaja kamene tinakadikira masabata, mpaka mwala uliwonse unachita mbee. Kenako inapakidwa njereza, n'kundandalikidwa mbali zonse za msewu. Nsangalabwi za m'chipinda chachiwiri sizinatayidwe. Anazilembera mawu akuti TAKULANDIRANI patsogolo pa tenti. Mchenga wa m'chipinda chachitatu anauwaza pamatope, pamalo amene chitseko cha galimoto yanu chinkayembekezeka kutsegukira. Mkati mwa thanki namonso anapakamo njereza, kuti mukasuzumira muone ukhondo. Ine anandipatsa ntchito yosoka kansalu kophimba chikwangwani cha dzina lanu, ndipo ndikhulupirira munaona kuti mpendero wake unali wowongoka. Munthu mmodzi yekha ndiye anakana kugwira burashi, akazi anga. Anaima kutsogolo kwa makina atagwira m'chiuno n'kundifunsa kuti: "A Telala, inu osoka zovala, munaonapo munthu akuvula mwana kuti aveke mpando?" Ndinawayankha kuti zinthu za m'maofesi zili ndi eni ake. Tsiku limenelo madzi osamba ndinatunga ndekha.

Chachitatu, zikomo chifukwa chobwera. Tinakudikirani kuyambira m'mawa, ana a sukulu akuimba mpaka mawu kusasa, ndipo munafika dzuwa litapendeka. Galimoto yanu inadutsa pakati pa miyala yathu mosasokera ngakhale pang'ono. Munatsika n'kuponda pamchenga wathu, nsapato zanu osadetsedwa, ndipo ine mtima unakhala pansi poona kuti mchengawo sunapite pachabe. Munakhala nafe nthawi yokwana kupinda mwendo umodzi wa thalauza, koma sitikudandaula, mlendo ndi mame. Munadula riboni, munakoka kansalu kanga, munasuzumira m'thanki n'kugwedeza mutu moyamikira kuyera kwake.

Za kapu ya madzi imene munamwa ija ndiyenera kukufotokozerani, poti pamene inkadzazidwa munali mutatembenukira kwa ojambula. M'mawa wa tsikulo a Kalambulabwalo anatsegula mpopi kuti ayese, ndipo madzi anatuluka monga mmene Mulungu anawaikira pansi pa dambo lathu, ofiirira ndi onunkha. Sanatekeseke. Anatuma mtsikana wa ku ofesi kwanu kukhuthulira mujagi madzi a m'mabotolo amene anali kumbuyo kwa galimoto yawo, jagiyo n'kuibisa kuseri kwa thanki. Ndi amene munamwawo. Munatsinzina, munameza, n'kunena kuti madzi okoma chotere simunamwepo. Ife tinaomba m'manja ndi mtima wonse, chifukwa nafenso madzi amenewo sitinawalawepo. Kabatani anali paphewa panga, ndipo anafunsa mokweza kuti: "Agogo, abambowo sakutunga pampopi bwanji?" Ndinamutseka pakamwa ndi chigamba chimene chinali m'thumba. Pepani ngati munamva, ndi mwana.

Mutatsala pang'ono kukwera galimoto munacheuka, n'kutambasula dzanja kuloza msewu, n'kunena kuti: "Miyala yoyerayi ikhale pomwepa, ikhale chizindikiro chakuti chitukuko chafika kuno." Ndikuganiza kuti munangonena mwachizolowezi, monga mmene munthu amauzira mwana wa mnzake kuti wakula. Mwina pofika pamphambano munali mutaiwala kale. Koma mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndipo anuwa agonera masabata angapo tsopano osasasa. A Kalambulabwalo anawamva, ofesi yonse inawamva, ndipo kuyambira pamenepo miyala ija inasiya kukhala ya thanki.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha mlonda. Ife tinapangana kuti mukangochoka tibwezera zonse m'malo mwake. M'mawa mwake a Wometa anatulukira ndi wilibala, koma anapeza bambo wachikulire wovala jasi ndi chipewa, wenzulo ili m'khosi, akuyenda chokwera ndi chotsika mumsewu. Ofesi yanu inali itamulemba ntchito yolondera miyala. Mjigo wathu sunakhalepo ndi mlonda chiukumbireni, ngakhale nthawi imene akuba anazula chogwirira chake, ndiye mutha kuona mmene tinanyadira. Mlondayo ndi munthu wabwino. Amamwa madzi omwewo amene timamwa ife, moti kawirikawiri amasiya ntchito n'kuthamangira kuseri kwa sitolo. Akamapita amasiya chipewa chake pamwala kuti chilondere. Anyamata ena anati mpata ndi umenewo, koma bamboyo anatichonderera: "Abale anga, ine ndili ndi ana. Mwala umodzi ukangosowa, ntchito yanga yathera pomwepo." Ndiye palibe amene amakhudza. Sitingatsuke madzi athu ndi misozi ya mnzathu.

Ndithokozenso changu cha ofesi yanu, ngakhale ndasokoneza tsopano kuti kuthokozaku n'kwachingati. Mvula yoyamba itagwa njereza inasuluka, miyala n'kuyamba kubwerera ku mtundu wake. Sipanapite masiku, lole inafika ndi zidebe za njereza ina ndi anyamata opaka. Chiyambire kukhala m'dera lino sindinaonepo ofesi yanu ikuyankha msanga chotero, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anaiitana.

Musaganize kuti sitinatsate njira zoyenera. Komiti yathu inapita ku ofesi kwanu, a Wometa atanyamula botolo la madzi a pampopi kuti likhale mboni. Pakhomo anawauza kuti m'ofesi saloleza kulowa ndi zakumwa. Atalisiya panja n'kulowa, kalaliki anawafotokozera modekha kuti thanki yathu inatsegulidwa ndi Bwana Wamkulu, ndipo Bwana Wamkulu analawa madzi ake n'kuwayamikira pamaso pa anthu. Tsono wonena kuti madziwo ndi oipa ndiye kuti akunena kuti Bwana sadziwa kulawa. Anawafunsa ngati ndi zimene abwerera. A Wometa anati ayi, si zimenezo. Kalalikiyo anawonjezera kuti miyala yopaka njereza si nkhani ya madzi, ndi nkhani ya zokongoletsa, ndipo woyang'anira zokongoletsa ndi a Kalambulabwalo, amene anali atatsogola kukakonza ulendo wanu wina. Ndikuwapempherera anthu a kumeneko kuti akhale ndi miyala yawo yapadera.

Mayi Majombo anabwera kuchokera kumsonkhano kuja. Anatsika basi pamphambano, anayenda pakati pa miyala yoyera akuiyang'ana ngati akuizindikira, ndipo pofika pakhonde langa anali akuthamanga. Anavundukula thanki, anasuzumira m'zipinda zonse zitatu, kenako anakhala pamphepete pake n'kuvula majombo. Aka kanali koyamba kuwaona mapazi awo. Sanatikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanatikalipira. Anangoti miyalayo ikhoza kugwiranso ntchito, bola njereza ichotsedwe, iviikidwe, ibwerere m'malo mwake, kenako tidikirenso masabata kuti kakhungu kamere. Anati akulemberani. Ndikukhulupirira kuti analembadi, chifukwa posakhalitsa tinamva kuti asamutsidwira kudera lina.

Sindikufuna kuti muyese kuti miyalayo ikungokhala. Akwati amabwera kudzajambulitsa pamenepo, ndipo wojambula wathu wagula njinga. Oledzera a m'dera lino sakugweranso m'ngalande. Ine amene ntchito yawonjezeka, pakuti makolo atopa ndi kuchapa ndipo akundipempha kuti malaya a sukulu ndizisokeratu a nsalu yofiirira. Alendo akamadutsa amati dera lathu latukuka, ndipo ife timavomera, poti za mkuyu wokoma kunja sitiuza munthu wodutsa. Thanki nayo ili bwino. Madzi amalowa chipinda choyamba, n'kuona kuti mulibe wowafunsa, amadutsa chachiwiri ndi chachitatu, n'kutuluka pampopi mmene analowera.

Mwina mufunsa kuti bwanji osawiritsa. Timawiritsa, Bwana. Akazi anga amawiritsa m'mawa ndi madzulo mpaka makala amatha mwezi usanafike pakati, ndipo akawiritsa amasefa ndi kansalu kamene ndinawadulira. Koma mwana wa zaka zinayi samwa pakhomo pokha. Amamwa kwa anzake kumene akusewera, amamwa kwa mayi wogulitsa tomato amene amamukonda, ndipo akaona ana ena akutchera manja pampopi naye amatchera. Ndamuletsa, ndamuopseza, ndamulonjeza diresi la maluwa, koma sindingamumangirire kumwendo kwa makina. Kuyambira dzana sakudya. Akugona pamulu wa zigamba ngakhale kunja kuli mitambo. Dzulo kunabwera mayi wina ndi diresi lonyansa kwabasi, Kabatani analiyang'ana osanena kanthu, ndipo ine ndinadziwa kuti zinthu zavuta. Tapita naye kuchipatala, atipatsa timapaketi tosungunula m'madzi, ndipo namwino watilangiza kuti tizimupatsa madzi aukhondo.

Mayi ake sitinawabisire. Akazi anga ndiwo anaimba foni, ine ndinalibe mtima. Mwana wanga sanakuwe ngati ulendo uja. Anapempha kuti andipatse foniyo, n'kunena kuti: "Ababa, ndikubwera kumapeto kwa mwezi. Ndikapeza miyala ili m'thanki ndidzaganiza. Ndikaipeza pamsewu musadzandichonderere. Ndipo mumusokere kachikwama ka zovala zake, kuti tisadzavutike." Nsalu ya kachikwamako ndadula kale, ili pansi pa makina. Ndasoka masuti a maukwati ndi nsalu za maliro, koma aka ndikulephera kukayamba. Ndikuopa khonde ili lopanda mwana ameneyu, Bwana, ndipo ndikuopanso kachipinda kotseka kumene akupitako.

Tsono pempho langa ndi ili, ndipo ndalichepetsa kuti likukwaneni. Sindikupempha thanki ina, ilipoyi ndi yabwino. Sindikupempha lole ya miyala ina, chifukwa ndikudziwa komwe ingakathere. Sindikupemphanso kuti mubweze mawu anu, pakuti munthu wamkulu sameza malovu amene walavula. Ine kuchokera pakhonde pano ndaphunzira mmene ofesi yanu imayendera, ndipo lamulo lake ndi limodzi: miyala imapita kumene inu mukupita.

Choncho lengezani kuti mukubweranso, ndipo kuti ulendo uno mukufuna kuyenda mkati mwa thanki. Nenani kuti mudzatsikira m'chipinda choyamba, kudutsa chachiwiri, n'kutulukira chachitatu. Ndikukutsimikizirani kuti dzuwa lisanalowe a Kalambulabwalo adzakhala atandandalika miyala yonse m'menemo, nsangalabwi atazitola imodziimodzi, ndi mchenga womwe atabweretsa watsopano kuti mupondepo. Muwonjezere kuti dokotala wakuletsani kuyang'ana zinthu zoyera, ndiye mukufuna miyala yakuda monga mmene inachokera kumapiri. Adzaikwecha okha njereza ija. Mlonda naye adzatsata miyala yake n'kumalondera thanki, ntchito yake osatha. Kubwera kwenikweniko musavutike nako. Tsikulo likadzafika mudzangotumiza uthenga kuti muli pamsonkhano wokambirana za ife, ndipo tidzamvetsa.

Chonde kulengezako kuchitike mwezi uno usanathe. Koma kalatayi ikakupezani mwezi utatha, musadzitopetse n'kuyankha. Otsala pakhomo pano tidzakhala akuluakulu okhaokha, ndipo mimba zathu zinazolowera kale. Miyala idzakhale pomwe ilipo, idzagwira ntchito kamodzinso. Padzadutsa kamtsikana kakang'ono ndi kachikwama katsopano kumsana, kakupita kukakwera basi, ndipo ndidzakondwa kuti kadzachoke kwa agogo ake pakati pa miyala yoyera, monga amachokera alendo olemekezeka.

Ndine wanu wogwada pamakande,
wakumwa madzi anu mokhulupirika,

Telala wa pakhonde loyang'ana mjigo.